Nkhope Yanga pa Chikwangwani cha Malemu

Lolemba limenelo kunacha ndi chifunga, chija chimene umayamba kumva mapazi a munthu usanamuone mwini wake. Ndinatsika basi pamalo anga a masiku onse n'kuyamba kulowera kusitolo ya nsapato kumene ndimagwira ntchito. Mayi amene amasesa m'khonde mwa masitolo anali atawerama ndi tsache lawo. Ndinawapatsa moni monga mwa nthawi zonse.

Anadzutsa mutu, kundiyang'ana, tsache n'kugwa pansi. Anabwerera chafutambuyo mpaka msana wawo unagunda chitseko cha sitolo ya mankhwala.

"Mayi, kwagwanji?" ndinawafunsa.

Analoza ndi chala kumbuyo kwanga.

Pa polo ya magetsi panali chikwangwani chapepala chatsopano, guluu wake asanaume n'komwe. Pamwamba panali chithunzi cha mtima wofiira, chizindikiro cha kabungwe kamene ndinkakadziwa bwino. Pansi pa mtimawo panali mkazi akuseka, atavala diresi yobiriwira, dzanja lili pakhosi. Mawu ake anali akuti: "Anatisiya ali ndi zaka 29. Mtima wake unatupa mwadzidzidzi. Tiyeni tiyende ndawala Loweruka lino, tithandize madokotala kufufuza matendawa kuti ena asapitenso chonchi."

Diresiyo inali yanga. Ndinali nditaichapa dzulo lake, n'kuisiya pachingwe kunyumba. Dzanjalo linali langa, mano anali anga, ngakhale kandolo kamodzi kamene kamakonda kupendekeka kanali kanga.

Ndinayang'ana kutsogolo kwa msewu. Polo yotsatira inali ndi nkhope yanga, yotsatiranso chimodzimodzi, mpaka kumene chifunga chinameza msewu. Ndinayenda pakati pa nkhope zangazo nditazolika, ndipo bambo wina wa panjinga atandiona anaphonya njira n'kukalowa m'ngalande.

* * *

Ndiyambe ndafotokoza za Wachitini, poti ndi iye amene anandikweza pa mapolo a magetsi. Ndi mphunzitsi wa kusekondale, wamtali, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu amagula. Dzinali ndinamupatsa ndine. Tsiku loyamba analowa m'sitolo mwathu atakumbatira chitini chokhala ndi kabowo pamwamba, n'kupempha kuti tichiike pakauntala, makasitomala aziponyamo kangachepe. Ine n'kuti nditangosamukira kumene mumzinda uno. Ndinamufunsa kuti ndalamazo n'zachiyani.

Anati mkazi wake anadwala chimfine, chimfine wamba chimene tonse timadwala. Patapita milungu iwiri anayamba kutopa akakwera masitepe, kenako kubanika. Madokotala anapeza kuti minofu ya mtima wake yatupa. Mwezi usanathe anali atamuika m'manda. Chimene matendawa amagwirira munthu mmodzi n'kusiya anzake ambirimbiri amene anadwala chimfine chomwecho, madokotala sanachimvetse bwinobwino. Ndiye iye, apongozi ake aakazi ndi mlamu wake, mng'ono wa malemuyo, anayambitsa kabungwe kotolera ndalama zothandizira kafukufuku.

Chitinicho chinkayenera kutengedwa kamodzi pamwezi. Koma bamboyu ankabwera kudzachizonda Lachisanu lililonse, mwina kawiri pamlungu. Tsiku lina ndinamufunsa kuti, "Bambo, kodi chitini chanuchi chikudwala?" Anaseka mpaka kugwira kauntala. Kuchokera pamenepo patha miyezi isanu ndi itatu.

Ndinamukonda, ndisabise. Koma chikondi chathu chinali cha m'makona, chokumana kutali ndi kumene anthu amamudziwa.

"Dikira ndawala idutse," ankatero. "Amayi aja chilonda chawo sichinapole, ndipo bungweli ndi limene limawadzutsa m'mawa. Ikangodutsa, ndidzakugwira dzanja n'kukakuonetsa."

Ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuti munthuyu adzaime pamaso pa abale a malemu n'kunena kuti uyu ndi wanga. Chithunzi cha malemuyo ndinali ndisanachionepo. Kunyumba kwake makoma anali ndi misomali yokhayokha. Anati apongozi anatenga zithunzi zonse maliro atatha. Sindinafunse zambiri, chifukwa kunena zoona sindinkafuna kudziwa ngati anali wokongola kuposa ine.

* * *

Nditalowa m'sitolo ndinadzitsekera m'chipinda chosungira katundu, pakati pa makatoni a nsapato, n'kumulembera Wachitini uthenga.

"Kodi ine ndafa liti?"

Anayankha patapita kanthawi. "Ndili m'kalasi. Watani?"

Ndinamutumizira chithunzi cha chikwangwani chija. "Chiyang'aneni bwino."

"Chatuluka bwino, eti? Osindikiza agwira ntchito yotamandika. Koma za kufazo ukutanthauza chiyani? Usamaseweretse mawu amenewo."

Ndinawerenga uthengawo katatu. Munthuyu anali atachiyang'ana chithunzicho, ndipo sanaone chachilendo chilichonse.

"Diresi yobiriwirayo ndi ya ndani?" ndinalemba.

Foni inalira, ine n'kuyankha. Ndinamva phokoso la ana asukulu likuchepa, kusonyeza kuti watuluka panja.

"Mulungu wanga," anatero. "Mulungu wanga. Ndi chija ndinakujambula pamlatho."

"Ndi chomwecho. Ndiye mundiuze kuti chafika bwanji pa mapolo a mzinda wonse."

"Tamvera. Foni yangayi mlamu amaigwiragwira, poti mauthenga a bungwe amafikira mwa ine. Ndinaopa kuti achiona. Ndiye ndinachibisa pamodzi ndi zithunzi za malemu, chifukwa mmenemo mlamu salowamo, amati zimamuliritsa. Tsiku lotumiza kwa osindikiza ndinali pa changu."

"Pa changu? Panopa mwachiyang'ananso n'kunena kuti chatuluka bwino. Munalinso pa changu?"

"Galasi la foni yanga ndi losweka, ukudziwa iwe."

"Ndi losweka pakona, bambo. Nkhope ili pakati."

Ndinkangomva kupuma kwake.

"Ndikonza," anatero pomaliza. "Chonde usatuluketuluke lero. Ndikonza."

"Ndisatuluke? Ndigone m'bokosi mpaka Loweruka?"

Ndinadula foni. Ndinalira, koma osati mokweza, poti abwana anali atafika kale ndipo ndinkawamva akufunsa mnzanga wa pakauntala ngati wandiona ndi maso ake.

* * *

Nthawi ya nkhomaliro isanakwane, achemwali anga anatulukira ali wefuwefu, nsapato ya kumanzere yosiyana ndi ya kumanja. Anandigwira mapewa, kunditsina patsaya, kenako n'kundimenya kambama kakang'ono.

"Iwe, azakhali akomoka kawiri! Wina wawatumizira chithunzi. Amalume ayamba kale kufunsa za galimoto yonyamula anthu. Ine ndasiya madzi akuwira pamoto."

"Ndili moyo, achemwali."

"Ndikuona. Ndiye undiuze kuti ndani wakupha."

Ndinawafotokozera zonse, za chitini, za mlatho, za foni. Anamvetsera atapinda manja, mlomo uli m'mwamba.

"Ndinakuuza ine za mwamuna wamasiye ameneyu," anatero. "Miyezi isanu ndi itatu, kwathu sanapondeko, kwawo sakudziwa. Amuna ena amabisa mkazi kuseri kwa chitseko, uyu wakubisa kumanda."

"Analakwitsa chabe."

"Chabwino, analakwitsa. Koma tandiyankha ichi, poti sukulu unapita ndiwe. Ine ndikafuna kubisa mpunga ndimauthira mu mpunga unzake, sindingauthire mu nyemba. Iyeyo anaganiza bwanji kuti chithunzi chako chibisika pakati pa zithunzi za mkazi wake?"

"Wanena kuti mlamu wake salowamo."

"Nanga akanalowamo?"

Achemwali anandiyang'ana nthawi yaitali, ukali uja utawathera.

"Umusiye," anatero motsitsa mawu. "Nkhani imeneyi ikundizizira m'mafupa. Umusiye lero lomwe."

* * *

Lachiwiri chifunga chinabweranso, ndipo zikwangwani zinali pomwepo. Makasitomala ena ankati akalowa n'kundiona, ankatuluka osagula kanthu. Gogo wina wamwamuna anaponya ndalama m'chitini, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Pepani kwambiri." Sindinadziwe ngati akupepesa ine wamoyo kapena wa papepalayo.

Chakumasana kunalowa mkazi wamfupi, wovala bwino, wonunkhira mafuta odula. Anakhala pa benchi yoyesera nsapato osayang'ana nsapato ngakhale imodzi.

"Ndipatseni yakuda iliyonse, sayizi faifi," anatero.

Ndinabweretsa, n'kugwada kuti ndimuveke. Ndili chogwada choncho ndinamva maso ake akundiyenda pamutu, pakhutu, pakhosi.

"Ndiye ndinu," anatero. "Tadzutsani nkhope."

Ndinadzutsa. Anapuma mwamphamvu, ndipo ndinaona dzanja lake likufinya chikwama.

"Ine ndine mng'ono wa malemu. Kukupezani sikunavute. Zitini zonse za bungwe ndimatolera ndine, kupatula chimodzi chimene alamu amati n'chakutali, azikatenga okha. Kutali kwake ndi kuno, mphindi khumi kuchokera kwathu."

Ndinaimirira. "Ngati mwabwera za chikwangwani, wolakwa si ine."

"Ndikudziwa. Ine ndinaona tsiku lomwelo osindikiza atabweretsa chitsanzo. Achemwali anga anali ndi chipsera pamwamba pa diso lakumanzere. Ndinawagenda ndine ndi supuni tili ana. Pachithunzipo panalibe."

"Munaona? Ndiye bwanji simunanene?"

"Ndimafuna ndione ngati pali wina amene aone." Anamwetulira, koma maso sanamwetulire nawo. "Tinali anthu asanu ndi mmodzi patebulo. Chitsanzocho chinazungulira. Amayi anachipsompsona. Alamu anachigwira nthawi yaitali kuposa tonse, kenako anati, umu ndi mmene ndimamukumbukirira."

"Mukunama."

"Kawafunseni. Ine zaka ziwiri ndakhala ndikuwaphikira alamu, kuwasitira malaya, kuwatola akagwa ndi chisoni. Ndimadabwa kuti bwanji sandiona. Kani anapeza chithunzi choyenda."

Mawuwo anandilasa, koma sindinafune kuti aone. "Nsapatoyo mugula?"

"Ikundithina." Anaivula n'kuikankha ndi phazi. "Amayi ndawauza zonse usiku wathawu, kuti nkhope imene anaipsompsona ija ndi ya chibwenzi cha mkamwini wawo. Akukufunani mawa, 3 koloko masana, pamodzi ndi alamu. Mudzavale nsapato zothamangira, poti mumagulitsa nokha."

* * *

Nditaweruka ndinapita kukachipinda kamene bungwe limabwereka, kuseri kwa laibulale. Ndinali ndisanalowemo chiyambire. Wachitini anali yekha, atakhala pa katoni, tayi ali m'manja.

M'chipindamo munali matisheti oyera a pandawala, ena m'makatoni, ena atapachikidwa pa chingwe kuchokera pazenera mpaka pachitseko. Lililonse linali ndi nkhope yanga pachifuwa. Mphepo inkalowa pazenera n'kumawagwedeza, ndipo nkhopezo zinkatembenuka pang'onopang'ono, zina kundiyang'ana, zina kuyang'ana kukhoma. Ndinaima pakhomo.

"Ndapita kwa osindikiza," anatero osandiyang'ana. "Akuti zatsopano sizingatheke Loweruka lisanafike. Madokotala a kafukufuku abwera, masukulu atatu alembetsa. Tikaimitsa ndawala, ntchito ya chaka chonse yapita m'madzi. Pali mayi wina amene mwana wake ali m'chipatala ndi matenda omwewa, amandiimbira tsiku lililonse kufunsa ngati madokotala apeza chatsopano. Ndikamuuza chiyani?"

"Za ndawala sindinabwerere. Mlamu wanu anabwera kusitolo."

Anadzidzimuka. "Wanena chiyani?"

"Akuti munagwira chithunzi changa n'kunena kuti umu ndi mmene mumamukumbukirira mkazi wanu. Munanena?"

Anayamba kukulunga tayi pa chala, kumasula, kukulunganso.

"Ndikufunsa, bambo. Munanena?"

"Tsiku limenelo mutu wanga sunali bwino. Linali tsiku lobadwa la malemu."

"Kodi ndimafanana naye?"

"Anthu amafanana."

"Ndionetseni chithunzi chake. Foni muli nayo m'thumbamo."

"Ayi, osati pano, osati chonchi." Anaimirira n'kubwera kudzandigwira manja. Manja ake anali ozizira. "Tamvera. Iwe umaseka mokweza, iye ankaseka chamumtima. Iwe umandinena, iye sankanena munthu. Ndimakukonda iweyo, wa pakamwa pakuthwa iwe. Mawa ndikanena pamaso pa Amayi. Sindidikiranso ndawala. Akandithamangitsa m'bungwe, andithamangitse."

Amenewo ndi mawu amene ndinawadikira miyezi isanu ndi itatu. Mtima wa munthu ndi wopusa, ndikukuuzani. Ndinaiwala achemwali, ndinaiwala mlamu, n'kutsamira pachifuwa pake. Koma maso ndinatsinzina, chifukwa sindinafune kuona matisheti aja akutiyang'ana.

Ndili m'basi uthenga wa achemwali unalowa. "Wamusiya?"

"Mawa akukandionetsa kwa apongozi ake," ndinayankha.

"Ukapite ndi foni yodzaza moto. Ukangoona zachilendo, undiimbire."

* * *

Lachitatu masana kunali mitambo yolemera koma mvula osagwa. Nyumba ya apongozi ake inali kumapeto kwa kamsewu kachete, ya mpanda wa maluwa osadulira. Makatani onse anali otseka. Mlamu uja ndi amene anatitsegulira, atavala ngati akupita ku ukwati.

"Lowani, alamu. Lowani, mayi a nsapato."

Kuchokera pakhomo kukafika pabalaza panali kanjira kakatali kamdima, ndipo makoma ake onse awiri anali odzaza ndi zithunzi. Ndinayang'ana choyamba n'kuima.

Ndinadziona nditavala diresi ya ukwati imene sindinaivalepo, Wachitini atandigwira m'chiuno. Pachithunzi china ndinali nditanyamula satifiketi ya sukulu imene sindinaphunzireko. Pena ndinali pagombe, pena ndikudula keke, pena ndili mtsikana wa yunifolomu pakati pa anthu amene sindikuwadziwa. Chakumapeto kwa kanjirako ndinali pabedi la m'chipatala, nditawonda, timachubu tili m'mphuno, ndikuyesetsa kumwetulira. Mphumi, masaya, kapendekedwe ka mutu, zonse zinali zanga. Kachipsera kokha pamwamba pa diso ndi kamene kankandiuza kuti si ine.

Ndinagwira khoma.

"Munati anthu amafanana," ndinanong'ona.

Wachitini anayang'ana pansi. "Tiye, Amayi akudikira."

Pabalaza panali nyale imodzi yoyaka ngakhale unali usana. Patebulo panali mulu wa makalata othokoza anthu opereka, ndi zitini zingapo zosatsegula. Mayi wachikulire, woonda, wa tsitsi loyera, anakhala pampando atatifulatira, akupinda makalatawo n'kumaika m'maenvulopu. Sanatembenuke.

Tinakhala pansi. Wachitini anakonza pakhosi.

"Amayi, ndabwera kudzapepesa. Chithunzi chimene chili pa zikwangwani si cha mwana wanu. Ndinalakwitsa ndine, ndipo ndachititsa manyazi dzina lake ndi bungwe lathu. Mwini chithunzicho ndi uyu ndabwera nayeyu. Ndakhala ndikumubisa, ndipo kumeneko ndi kulakwa kwanga kwachiwiri. Amayi, ndimamukonda. Ndikufuna kumanga naye banja."

Anatero ndithu, mawu osanjenjemera, mlamu akumva. Kwa kamphindi kamodzi ndinasangalala mpaka misozi inalengeza. Mlamu anali ataima pakhomo atapinda manja, akudikira kuti mphezi igwe.

Mayi aja anamaliza kupinda kalata imene inali m'manja, kuiika mu envulopu, kumata. Kenako anatembenuka.

Anandiyang'ana. Sanakuwe, sanatukwane. Anaimirira pang'onopang'ono atagwira tebulo, n'kubwera kudzaima patsogolo panga. Ndinafuna kugwada kuti ndiwapatse moni, koma anandigwira chibwano n'kutembenuzira nkhope yanga ku nyale. Chala chawo chouma chinayenda pamwamba pa diso langa lakumanzere.

"Chinapola," anatero. "Sichikuonekanso n'komwe."

"Amayi," ndinayamba, "ine ndine..."

"Waonda. Sukudya kodi?"

Mlamu anamasula manja. "Amayi, si iwowo! Ndinakuuzani, ameneyu ndi wogulitsa nsapato, chibwenzi cha alamu!"

"Khala chete iwe. Nsanje unayamba uli wamng'ono." Sanamuyang'ane n'komwe. "Sindinapenge ine. Ndikudziwa amene ndinamusambitsa, ndikudziwa amene ndinamuika m'manda. Koma zaka ziwiri ndakhala ndikupempha kuti ndidzaionenso nkhope imeneyi ikuphethira. Lero yalowa yokha pakhomo panga, ndiye ukufuna ndiithamangitse?"

Mlamu anatembenuka. Anatuluka, ndipo tinamva chitseko cha kuchipinda chikumenyetsedwa.

Mayi aja anatembenukira kwa Wachitini. "Mwana wanga, ukwatiwo ndavomera. Usachedwetse. Zikwangwani zisachotsedwe, zili bwino momwemo. Loweruka ameneyu adzayenda patsogolo, pafupi ndi ine, nditamugwira dzanja. Chipinda chake chilipo, ndimasesamo tsiku lililonse. Zovala zake zonse zili mu wadiropu, zimukwana."

"Amayi, chonde," ndinatero, mawu akutuluka ang'onoang'ono. "Ine ndili ndi kwathu. Ndili ndi achemwali anga, ndili ndi dzina langa."

"Eya, eya," anatero ngati akutonthoza mwana wodwala malungo. "Takhala phee pang'ono."

Anagwada patsogolo panga, mayi wamkulu ngati ameneyo, mawondo akulira. Anandigwira m'chiuno ndi manja onse awiri kuti ndisasunthe.

"Tsiku lomaliza lija kuchipatala ndinaika khutu langa apa," anatero. "Unkagunda ngati munthu wotsimphina. Kugunda, kuima, kugunda. Kenako ndinadikira, ndinadikira, osamvanso kanthu."

Anatsamiritsa khutu lawo pachifuwa panga. Tsitsi lawo linkanunkha sopo wochapira. Mtima wanga unkagunda mwamphamvu chifukwa cha mantha, ndipo ndinamva thupi lawo lonse likuyamba kunjenjemera.

"Ukugunda," ananong'ona. "Ukugunda bwinobwino. Mwana wanga, tabwera udzamve wekha. Mtima wa mkazi wako wachira."

Ndinayang'ana Wachitini. Ndinamuyang'ana ndi maso onse, kumupempha kuti atsegule pakamwa anene mawu ochepa chabe, akuti Amayi, mtimawo ndi wake, si wa mwana wanu. Anali atangonena kumene kuti amandikonda ineyo, ndiye sizikanamuvuta.

Anadzuka pampando. Anabwera n'kugwada pafupi ndi apongozi ake, misozi ikutsika mpaka m'kolala. Mayi aja anasendeza mutu wawo kuti amupatse malo, ndipo iye anaika khutu lake pachifuwa panga n'kutsinzina.

"Ndikumva, Amayi," anatero. "Wachiradi."